Agadiyani, Dikirani Panja

Mchinji,
21 Juni, 2024.

Okondedwa achemwali a Luwiza,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Blantyre. Ine kuno ndili bwino, kupatula kuzizira kwa mwezi uno. Mphepo ya kuno imatsika m'mapiri a m'malire, ndipo m'mawa madzi a pampopi amaluma zala ngati ali ndi mano.

Mudabwa kulandira kalata ya papepala pamene tonse tili ndi foni. Chifukwa chake n'chakuti pafoni mumandidula pakamwa. Ndikangoyamba nkhani, inu mwaseka kale, mwayamba kundiuza za mwana amene wabwera ndi nyemba m'mphuno, ndipo tikatsanzikana ndimapeza kuti chimene ndimafuna kunena sindinanene. Pepala silidula munthu. Kalatayi ndapatsira a Titus, dalaivala wa kampani yathu amene akubwera kumeneko ndi katundu, pamodzi ndi kathumba ka mtedza. Za mtedzawo ndinena kumapeto.

Munandifunsa funso limodzi: mupereke kalata yosiya ntchito ku chipatala chachikulu kuti mubwere kudzagwira ndi ine kuno, kapena ayi? Munati mukufuna yankho langa chifukwa ine ndimayankha ngati sikelo, sindiyang'ana nkhope. A Macdonald, manijala wathu, akufunanso kumva maganizo anu mwezi uno usanathe. Ndiye ndiyenera kuyankha.

Ndiyambe ndi zimene ndinakuuzani kale, chifukwa palibe chimene ndikubweza. Malipiro a kuno amaposa a kumeneko kuwirikiza, ndipo amafika pa tsiku lake. Nyumba ndi ya kampani, ya zipinda ziwiri, magetsi ake a sola. Ntchito imayamba m'mawa n'kutha dzuwa lisanalowe. Kulibe kugwira usiku. Mankhwala sasowa, magolovesi sitiwachita kubisa m'thumba ngati mmene tinkachitira kuja. Fizi ya mwana wanu Vitus ku koleji mukhoza kumalipira osagogoda pakhomo pa munthu. Wina angathamangire kunena kuti chikomekome cha mkuyu, koma ine mkuyuwu ndaung'amba ndipo nyerere sindinazipezemo. Zimene analonjeza amachita.

Mukumbukira mmene ndinasankhira chaka chatha. Ndinali ndi malo atatu: kukhalabe m'chipinda chathu cholandirira ovulala, chimene ife timangoti ku Ngozi, kupita ku chipatala cholipira cha ku Lilongwe, kapena kubwera ku kiliniki ino ya kampani ya mathiraki pafupi ndi boda. Ndinafufuza za lendi, za mtengo wa chimanga, za penshoni, ngakhale za ulendo wokaona amayi anga kumudzi. Kuno kunapambana pafupifupi pa chilichonse. Inu munandiseka kuti ndikusankha ntchito ngati munthu wogula mbuzi, wokanula kukamwa kuti aone mano. Ine ndinati wogula mbuzi osaona mano ndiye amalira. Ndinanyada nalo yankho limenelo.

Ntchito yake ndi iyi. Madalaivala asananyamuke amabwera kuti ndiwayeze bipi, shuga ndi maso. Ena amabwera ndi malungo, ena ndi msana, ena ndi matenda aja onena chapansipansi chitseko chitatsekedwa. Ndi anthu osangalatsa. Wina ndikamuuza kuti achepetse mchere amati, "Anesi, bipi yanga sikukwera ndi mchere, ikukwera ndi mzere wa pa boda." A ku Zambia amalowa akuseka kale: "Nili chabe bwino, asisita, nipaseniko chabe panado." Ikamakwana nthawi ya chakudya chamasana amakhala atha. Masana ndimawerenga, ndimapukuta kabati, ndimayang'ana masiku otha ntchito pa mabotolo. Miyezi yoyamba ndinkagona tulo timene ndinali nditaiwala kuti tiliko.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinachitika sabata yatha. Ndiyesa kuzinena momwe timaperekera lipoti posinthana ntchito, popanda zokometsera.

Anali masana, ndikudya mbatata m'kiliniki, pamene ndinamva chiphokoso kumsewu, kenako anthu kukuwa. A Maliko, alonda a pageti, analowa osagogoda. Ndi bambo oyenda ngati nthawi ndi yawo, koma tsiku limenelo anabwera akuthamanga.

"Anesi, kwaopsa kunjaku! Kabaza wawombana ndi thiraki."

"Ya kampani yathu?"

Limenelo ndilo linali funso langa loyamba, achemwali. Lamulo la kuno ndi lakuti kiliniki ndi ya antchito a kampani okha, ndipo ndalizolowera mpaka lakhala pa lilime. A Maliko anandiyang'ana kaye.

"Thirakiyo sindinaione bwino. Ndaona magazi."

Ndinanyamula chikwama cha zipangizo n'kutuluka. Woyendetsa njinga yamoto anali atangosupuka m'mawondo, ali chiimire akulirira njinga yake. Amene anamunyamula, mayi wa msinkhu wanu, anali gone m'mbali mwa tala, mtedza umene ankapita nawo kwa ogula a pa boda utamwazika msewu wonse. Fupa la ntchafu linali litathyoka n'kuboola khungu, magazi akutuluka mwamphamvu. Anthu anali atazungulira, ena akujambula ndi foni, amayi ena akutola mtedza uja kuubwezera m'thumba.

Mutu wanga unagwira ntchito bwinobwino, zimenezo sindingadzinamize. Ndinaona kuti akupuma ndipo akuyankha. Anati dzina lake ndi Malita, wa kwa Zulu. Ndinang'amba chitenje chake, ndinamanga pamwamba pa bala, n'kupotokola ndi kamtengo mpaka magazi anasiya kuthamanga. Ndinauza amuna awiri kuti azule thabwa pa benchi ya ogulitsa nthochi, tinamangirira mwendo. Kufika pamenepa mukanandinyadira.

Koma magazi anali atatayika kale ambiri. Manja ake anali ozizira, milomo itayera, kugunda kwa pamkono kukumveka ngati kaulusi. Mukudziwa chofunika zikatere: dilipu, mwamsanga, kudzera pa kanyula wamkulu, kapaipi kaja kolowetsa mumtsempha. Ndinatsegula chikwama. Makanyula aakulu aja, otuwa ndi obiriwira, munalibe. Munali aang'ono okhaokha, a pinki ndi a buluu. Ndine ndemwe ndinasiya kuitanitsa aakuluwo, chifukwa ankangotha masiku m'kabati osagwira ntchito, ndipo ndinaona kuti ndi kuwononga. Tsiku limene ndinaganiza zimenezo, anali maganizo anzeru.

Ndinatenga wa pinki. Ndinamanga mkono, ndinasisita, ndinayamba kufufuza mtsempha ndi chala. Achemwali, chala changa sichinamve kanthu. Mukukumbuka mmene munkandiitanira mukakumana ndi mwana wotsegula m'mimba, amene mitsempha yake yabisala yonse? Munkakuwa kuti, "Itanani Mili, chala chake chili ndi maso!" Chala chomwecho chinkangoyendayenda pakhungu ngati mlendo wosochera m'mudzi. Ndinabaya, ndinaphonya. Ndinabayanso, mtsempha unaphulika, pamkono panatupa. Ndinatenga kanyula wina kuti ndiyesenso. Kumbuyo kwanga mayi wina wogulitsa tomato anafunsa mnzake, poganiza kuti sindikumva, "Koma ndi anesi enieni amenewa?"

Mnzakeyo anati, "Ndi a kampani."

Ndinasiya. Ndinaona kuti nthawi imene ndikutaya pofunafuna mtsempha ndi yokwanira kutifikitsa ku chipatala cha pa Boma, ndipo mpaka lero ndikuti pamenepo ndinaganiza bwino. A Titus anabweretsa pikapu, tinamugoneka mayiyo pa matiresi a m'kiliniki, ine ndinakhala naye kumbuyo, mutu wake pamiyendo panga, ndikumulankhulitsa kuti asagone.

"Mtedza wanga atola?"

"Atola, mayi, a Maliko akusungirani."

"Abambo musawauze kuti ndinakwera njinga yamoto. Amakaniza."

"Adziwa okha, mayi. Mwendowu subisika."

Anayesa kuseka. Ndinasangalala, chifukwa munthu woseka ndiye kuti magazi akufikabe kumutu.

Titalowa m'chipinda cha ovulala pa Boma, ndinamva fungo lomwe lija la kwathu, la mankhwala okolopera losakanikirana ndi magazi. Thirole yawo nayonso ili ndi gudumu limodzi lolira. Thupi langa linachita ngati lafika kwawo, mapewa anatsika okha. Anatilandira namwino wachitsikana, pachifuwa pake palembedwa Chifundo, amene ndikuganiza kuti anali ku pulayimale pamene inu ndi ine tinkayamba ntchito. Anagwira mkono umene ndinauwononga uja, anausiya, anagwira winawo, ndipo uku akuuza mnzake kuti athamangire magazi, analowetsa kanyula wotuwa kamodzi n'kamodzi. Dilipu inayamba kuthamanga. Sanasonyeze n'komwe kuti wachita chinthu.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipereke lipoti. Koma muganize mmene ndinkaonekera. Kuno sitivala yunifomu yoyera, timavala shati ya gofu ya kampani, ndipo yanga inali magazi ndi fumbi lokhalokha, m'chiuno nditamanga chitenje chimene mayi wina anandiponyera pamsewu. Mtsikanayo anayang'ana mwendo uja n'kufunsa, "Wamanga apa ndani?"

"Ndine."

"Mwachita bwino kwambiri, amayi. Mukanapanda kutero sakanafika. Munaphunzira kuti zimenezi?" Ndisanayankhe, maso ake anabwerera pa mkono wotupa uja. "Nanga apa anabaya ndani? Anthu ena amangotiwonongera mitsempha."

Anafunsa mafunso awiri. Ine ndinayankha loyamba lokha.

"Ndinangoonera ena."

"Chabwino. Agadiyani, tengani katundu wa wodwala mudikire panja. Tikuitanani."

Anandipatsa masilipasi a mayi Malita ndi mpango wawo, chitseko chinatsekedwa. Mawu amenewo ndawanena kwa anthu osawerengeka pa zaka zonse zija, nthawi zina osayang'ana n'komwe amene ndikumuuza. Sindinkadziwa mmene chitseko chimalirira ukamachimvera uli kunja.

Ndinakhala pa benchi ndi magadiyani anzanga. Mayi wina wa ku Chiosya, amene anabwera ndi mwamuna wake wogwa pa denga la shedi ya fodya, anandisendera nthochi n'kundilimbitsa mtima. "Musaope, anesi a muno amadziwa ntchito. Ndi mchemwali wanu?" Ndinavomera. Phokoso lililonse la m'katimo ndinkalidziwa. Ndinamva akutsegula paketi ya kanyula wachiwiri, ndinamva chitsulo chopachikira dilipu akuchikoka, ndinamva wina akuitanitsa sizasi kawiri. Manja anga ankafuna kupereka sizasiyo, koma anali atagwira masilipasi. Ndinadikira mpaka mwamuna wa mayi Malita anafika chakumadzulo, ndinamupatsa katunduyo, ndinakwera minibasi kubwerera kuno. Mawa lake mayi Malita anawatumiza ku Lilongwe kukachitidwa opaleshoni. Ali moyo, ndipo akuti mwendo sadula.

Ndakhala ndikuiunika nkhaniyi mbali zonse, mukundidziwa. Munthu akataya magazi chotero mitsempha imafota. Kunali kozizira. Ndinali chogwada pa fumbi, anthu atandiunjikira, ndi kanyula wosayenera. Ngakhale inu mukanatha kuphonya. Zonsezi n'zoona, ndipo ndikanakhala kuti ndikuunika ntchito ya namwino wina ndikanalemba kuti palibe mlandu. Koma ine ndikudziwa chimene chala changa chinkamva kale, ndi chimene sichinamve tsiku limenelo. Chifikireni kuno, madilipu amene ndaika ndi owerengeka, ndipo onsewo pa mikono ya madalaivala, ya mitsempha ngati zingwe zomangira katundu. Ndinawerengapo kalekale kuti luso la manja limayamba kuzilala pakangopita miyezi yochepa osaligwiritsa ntchito. Mfundo imeneyi ndinali nayo m'mutu pamene ndinkayerekeza malo atatu aja. Sindinaiike pa sikelo chifukwa sindinadziwe kulemera kwake, ndipo chimene sindinathe kuchiyeza ndinachitenga ngati kulibe. Mbuzi ija mano ndinaiona onse. Sindinafunse kuti ndikupereka chiyani kupatula mtengo umene unanenedwa.

Ndinapita kwa a Macdonald kukapempha kuti Loweruka ndizikathandiza ku chipatala cha pa Boma, ngakhale mwaulere, kuti manja asaume. Ndi munthu wabwino, anandimvetsera mpaka kumapeto. Anandiyamikira pa zimene ndinachita pamsewu, ndipo za lamulo lija loti kiliniki ndi ya antchito okha sanatchule n'komwe. Koma anati mgwirizano umene ndinasainira sulola kugwira kwina, chifukwa ndikakavulala kumeneko kapena kutengako matenda, kampani ndiyo idzafunsidwe. Kenako anaseka. "Anesi, ife tikukulipirani kuti mupume, inu mukupempha kukatopa ulere? Anthu a ku chipatala ndinu odabwitsa." Anandiuza kuti ndiitanitse makanyula aakulu onse amene ndikufuna. Abwera, ali m'kabati, ndawandanditsa bwino. Pamene ndinkatuluka anandifunsa kuti, "Nanga anzanu aja atiyankha liti?"

Mwina mufunsa chifukwa chake sindikungobwerera. Ndamva kuti malo anga analowapo wina, ndipo n'koyenera. Komanso nyumba ya amayi kumudzi yafika pa denga, mng'ono wanga wayamba sukulu yogonera konko, ndipo onsewa akuyenda ndi malipiro a kuno. Phazi likazolowera nsapato silipiriranso miyala, ndipo mapazi amene azolowera si anga okha. Ndikhala mpaka mgwirizano utathe. Kuti pa nthawi imeneyo ndidzakhala namwino wotani, sindikudziwa.

Pali chinanso, ndipo ndicho chandichedwetsa kulemba. Pamene a Macdonald ananena kuti akufuna namwino wachiwiri, dzina lanu ndinalitchula asanamalize kulankhula. Ndinadziuza kuti ndikuganizira Vitus ndi fizi yake. Ndinkamuganiziradi. Koma kuno madzulo amatalika, achemwali. Ndikaweruka ndimakhala pakhonde kuonera mzere wa mathiraki, ndilibe woti ndimuuze kuti lero kunabwera wotani. Zimene ndinakuuzani pafoni zonse zinali zoona, koma ndinachita kuzisankha, monga amachitira wogulitsa tomato poika zofiira pamwamba pa mulu. Chipinda chachiwiri ndinachisesa kale. Ndinagulanso nsalu ya makatani ake, yachikasu, mtundu umene mumaukonda uja.

Ndiye yankho langa nali. Mukaona kuti palibiretu njira ina, bwerani, palibe chochititsa manyazi, ndipo ndidzakulandirani ndi manja awiri. Koma munapempha yankho la sikelo, ndipo sikelo ikuti kalata yosiya ntchitoyo musapereke. Ine ndinkaganiza kuti ntchito ya ku Ngozi ndimangoipirira, ndipo taonani mmene zandipwetekera. Nanga inu, amene mumayamba kuimba nyimbo za kwaya odwala akadzaza mpaka pansi? Inu amene mukapita kutchuthi mumaimba foni kufunsa ngati wodwala wa pa bedi la pakona anadzuka? Kuno mudzanenepa, mudzagona bwino, ndipo tsiku lina mudzagwada pamsewu uwu chala chanu chili chete. Sindikufuna kudzakhala pambali panu tsiku limenelo ndikudziwa kuti ndinakuitanani ndine.

Za Vitus tikambirana, ndipo musayambe kukana musanamve. Mbali ina ya fizi yake ndizitumiza ine teremu iliyonse. Si ngongole, ndipo si chifundo. Ngati chala changa ndinagulitsa, ndalama zake zigwireko ntchito yoti chanu chikhale pomwe chili. Lolemba ndikawauza a Macdonald kuti afune wina, pokhapokha mutandiimbira kundiletsa. Mukaimba, ulendo uno ndikulolani kundidula pakamwa.

Mtedza uli m'kathumbawo wachokera kwa mwamuna wa mayi Malita. Anabwera nawo dzana panjinga kuchokera kwa Zulu, anafika pageti n'kufunsa a Maliko za "adokotala amene anapulumutsa akazi anga". Ndinalandira, chifukwa kukana mphatso ya munthu wothokoza ndi chipongwe. Ndi mtedza wabwino, wosankhidwa umodziumodzi. Ndayesa kukazinga pang'ono koma sukutsika kukhosi. Mukazinge inu, mukadyere limodzi ndi anzathu pa nthawi ya tiyi, ngati tsiku limenelo nthawi ya tiyi ipezeke. Pansi pa kathumbako mupeza nsalu yachikasu ija. Pawindo la kuchipinda kwanu chochezera ikwana, ndinayeza ndi maso.

Mundiperekere moni kwa amayi Veronika, akulu athu a ku Ngozi. Muwauze kuti uja ankadandaula za ndandanda ya usiku tsopano amagona usiku wonse, ndipo asamuchitire nsanje. Moni kwa a Alfred okankha thirole. Ndinkawavutitsa kuti athire mafuta gudumu lolira lija, koma muwauze alisiye, limathandiza kudziwa kuti kukubwera munthu. Moni kwa Vitus ndi azing'ono ake, alimbikire sukulu. Amene akuima kumanzere kwanu masiku ano, pamalo panga paja, sindikumudziwa, koma naye mumupatse moni. Mumuuze kuti inu simupempha sizasi, mumangotambasula dzanja, ndiye aziyang'ana dzanja lanu osati pakamwa.

Pempho langa lomaliza ndi ili. Munandiuza pafoni kuti mukakumana ndi mwana wa mitsempha yobisala mumanenabe kuti, "Mili akanakhalapo." Musamatero, achemwali. Muziitana amene ali pafupi, mumugwire chala, mumuonetse pofufuza, ndipo mawa mumuitanenso.

Ambuye akusungeni pamodzi ndi onse a kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Millicent.